Kodi ngongole ndiyo imagwetsa chuma, kapena imangopezeka pamalo a ngozi?

Funso: Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zachuma ndipo pali nkhani imene ikundizunguza mutu. M'kalasi amatiuza kuti dziko silingatukuke popanda ngongole, popeza ndi imene imapatsa amalonda mpamba. Koma ndikamawerenga za kugwa kwa chuma kwa mu 2008, aliyense akuloza chala ngongole yomweyo. Mnzanga wina akuti zimenezo n'zongokamba, chifukwa ngongole ya munthu mmodzi ndi chuma cha amene anamukongoza, ndiye mukaphatikiza zonse palibe chatayika. Kodi ngongole imayambitsadi kukwera ndi kugwa kwa chuma, kapena imangotsatira zimene zikuchitika kale?

Yankho: Mnzanuyo musamupeputse. Zimene wanenazo anazikhulupirira akatswiri otchuka kwa zaka zambiri, moti kufikira cha mu 2007 masamu ambiri amene mabanki aakulu a mayiko ankalosera nawo za chuma analibemo n'komwe mabanki kapena ngongole. Ankaiona ngongole ngati paipi yongodutsitsa madzi kuchoka kwa amene ali ndi ndalama kupita kwa amene akuzifuna, ndipo ankati chofunika ndi madziwo. Ine ndisanayambe kuphunzitsa ndinkagwira ntchito younika mapempho a ngongole kubanki, ndipo zimene ndinaona kumeneko zinandichotsa maganizo amenewo. Ngongole imakankha chuma chikamakwera, imachikokeranso pansi chikamatsika. Imatero chifukwa cha khalidwe limodzi limene anthu amaliiwala zinthu zikamayenda bwino: nambala yolembedwa papepala la ngongole siisuntha. Mtengo wa nyumba ukhoza kutsika, malipiro akhoza kudulidwa, malonda akhoza kuima, koma wokongoza amafunabe ndalama zake zomwe zija pa tsiku lomwe munapangana.

Tiyambe ndi kumene ndalama za ngongole zimachokera. Ambiri amaganiza kuti banki imayamba yasonkhanitsa ndalama za osunga, kenako n'kuzibwereketsa. Zimene zimachitika n'zakuti banki ikavomera kukukongozani, imalemba ndalamazo muakaunti yanu, ndipo ndalama zimenezo dzulo kunalibe. Mukabweza, zimafufutika. Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain, inachita kulemba zimenezi poyera mu 2014, kuti ndalama zambiri zimene zikuzungulira m'dziko zimabadwa pamene mabanki akupereka ngongole. Sikuti banki ingachite zimenezi mmene ikufunira ayi. Pali malamulo a mpamba, pali chiwongoladzanja chimene banki yaikulu yakhazikitsa, ndiponso pamafunika munthu wofuna kukongola. Koma malire onsewa amatamuka anthu akakhala ndi chikhulupiriro choti mawa kuli bwino, ndipo amakhwinyata msangamsanga mantha akalowa.

Tsono taonani masamu awa, omwe ndimafuna wophunzira aliyense atawasunga pamtima. Tiyerekeze kuti anthu onse a m'dziko amapeza 100 pachaka, ndipo chaka chino akongola 10. Ndiye kuti agula zinthu za 110. Ogulitsa aona malonda akuyenda, alemba antchito ena, akuza mafakitale. Chaka chotsatira anthu akongolanso, koma 5 yokha. Ngongole yonse yakwera kufika pa 15, palibe amene walephera kubweza, palibe banki yagwa, komabe zogulira zatsika kuchoka pa 110 kufika pa 105, ndipo wogulitsa uja wayamba kuona katundu akuchita fumbi pashelefu. Chuma chimene chazolowera ngongole chimafuna kuti ngongole yatsopano izibwerabe pa liwiro lomwelo kapena kuposa. Okongoza akangobwerera m'mbuyo pang'ono, dziko lonse limamva. Anthu akasiyiratu kukongola n'kuyamba kubweza 5 pachaka, zogulira zimafika pa 95, ndipo popeza ndalama zimene wina wagulira chinthu ndizo malipiro a mnzake, 100 uja nayenso amayamba kuperewera.

Pa nkhani ya chikole ndikhalitsapo, chifukwa mavuto ambiri aakulu anabadwira pamenepa. Tsiku lina pamsonkhano wa komiti yovomereza ngongole tinalandira pempho la munthu wofuna kugula nyumba ya maofesi. Lendi imene nyumbayo inkabweretsa inali yosakwana ngakhale chiwongoladzanja chokha. Ndinafunsa kuti mwiniwakeyo adzabweza ndi chiyani. Mkulu wina anandikankhira lipoti la woyesa mitengo ya nyumba, n'kugogoda ndi cholembera pa nambala ya m'munsi: chikole chinali choposa ngongoleyo ndi kutali. Nditatembenuza masamba ndinaona mmene mtengowo anaupezera. Anatenga nyumba zitatu zoyandikana nayo zimene zinagulitsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, n'kuyerekezera. Ziwiri mwa nyumbazo ndinkazidziwa bwino, chifukwa mafayilo ake anadutsa patebulo langa. Zinagulidwa ndi ngongole za banki yathu yomweyo. Ndalama zathu ndizo zinakweza mtengo, ndipo mtengo umenewo ndi umene tinkautenga ngati umboni woti tikongozenso. M'chipindamo munalibe wakuba, munalibe chitsiru. Aliyense ankatsata ndondomeko, ndipo ngongoleyo inavomerezedwa masana omwewo.

Kuzungulira kumeneku ndiko mtima wa nkhani yonse. Ngongole imakweza mtengo wa malo ndi nyumba, mtengo wokwera umakuza chikole, chikole chachikulu chimatsegula khomo la ngongole ina. Nobuhiro Kiyotaki ndi John Moore anaika zimenezi m'masamu mu 1997, n'kusonyeza kuti kagwedezeka kakang'ono kakhoza kukula ndi kukhalitsa zaka chifukwa cha chikole. Dziwani kuti ngongole yogulira makina atsopano kapena yomangira fakitale ndi yosiyana ndi yogulira chinthu chimene chilipo kale. Makina amawonjezera katundu wopangidwa, ndipo katunduyo ndi amene adzabweze ngongole. Koma malo a pakati pa mzinda sachulukana chifukwa choti anthu akongola. Chimene chimachulukana ndi mtengo basi. Aphunzitsi anu akamati ngongole imatukula dziko akunena za mtundu woyambawo, ndipo sakunama. Vuto n'lakuti m'mayiko olemera ambiri, gawo la ngongole za mabanki lopita ku nyumba ndi malo lakhala likukula kwambiri kuchokera pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha, mpaka kuposa theka.

Kwa munthu mmodzi zimaoneka chonchi. Banja lagula nyumba ya madola 100,000, laikapo 10,000 yake, ndipo 90,000 ndi ya banki. Mtengo ukakwera ndi 20 peresenti, gawo la banjalo lachoka pa 10,000 kufika pa 30,000. Chuma chake chachulukana katatu osagwira ntchito iliyonse, ndipo oyandikana nawo akuona. Koma mtengo ukatsika ndi 20 peresenti yomweyo, nyumba ndi ya 80,000 pamene banki ikufunabe 90,000. Zonse zimene banjalo linasunga zapita, ndipo ngakhale litagulitsa nyumba litsalabe ndi ngongole. Banki siigawana nawo phindu, koma siigawana nawonso kuluza mpaka gawo la wokongola litatheratu. Nkhonya yoyamba imagwera amene ali ndi zochepa.

Munthu amene anafotokoza bwino mmene dziko limafikira pamenepa ndi Hyman Minsky, katswiri wa ku America amene anamwalira mu 1996 anthu ambiri asakumumvera. Iye anagawa okongola m'magulu atatu. Oyamba amapeza ndalama zokwanira kubweza chiwongoladzanja ndi ngongole yeniyeniyo. Achiwiri amakwanitsa chiwongoladzanja chokha, ndipo tsiku lobweza likafika amakongola kwina kuti atseke dzenje loyambalo. Achitatu sakwanitsa ngakhale chiwongoladzanja, akungodalira kuti katundu amene agula akwera mtengo. Gulu lachitatuli analitcha dzina la Charles Ponzi, kathyali wa ku Boston amene mu 1920 ankalipira anthu akale ndi ndalama za anthu atsopano. Wogula nyumba ya maofesi uja anali wa gulu limeneli. Mfundo ya Minsky imene imandigwira mtima ndi yakuti chimene chimasamutsa anthu kuchoka m'gulu loyamba kupita lachitatu ndi mtendere womwewo. Pakadutsa zaka khumi popanda vuto, amene anasamala amaoneka ngati anataya mwayi, ndipo amene anakongola mopanda mantha ndi amene akukwezedwa pantchito. Wounika ngongole amene amakanakana amayamba kuonedwa ngati wobwezera kampani m'mbuyo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo m'chuma zimakhaladi choncho: chaka chimene mabuku a mabanki akuonetsa ngongole zosabwezedwa zochepetsetsa n'chimene ngongole zoipitsitsa zikusainidwa.

Chimene chimatembenuza zinthu nthawi zambiri chimakhala chaching'ono. Banki yaikulu yakweza chiwongoladzanja, kapena mitengo ya nyumba yangoima osakwera. Kwa a gulu lachitatu kuima kokhako ndi imfa, ndiye amayamba kugulitsa. Zimene zimatsatira anazilongosola Irving Fisher wa ku Yale University, amene anaziphunzira mopweteka. Kutatsala masiku ochepa kuti msika wa masheya ugwe mu October 1929, iye ananena poyera kuti mitengo ya masheya yafika pamwamba pokhazikika. Anataya pafupifupi chuma chake chonse. Mu 1933 analemba kuti anthu ambiri akamagulitsa katundu nthawi imodzi kuti abweze ngongole, mitengo imagwa, ndipo mitengo ikagwa ngongole yotsalayo imalemera kuposa poyamba. Pakati pa 1929 ndi 1933 mitengo ya zinthu ku America inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ya zokolola inatsika kupitirira theka. Mlimi amene anakongola mu 1928 anafunika kugulitsa tirigu wochuluka kawiri kuti abweze ngongole yomwe ija. Aliyense payekha ankachita chanzeru pogulitsa ndi kudzimana, koma onse pamodzi ankakumba dzenje limene anaimamo. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito anali lova.

Tsopano tibwerere kwa mnzanu. Papepala akunena zoona: dola iliyonse imene wina ali nayo ngongole, pali wina amene akuiyembekezera. Mfundo yomweyi ndi imene inachititsa kuti maganizo a Fisher asalabadiridwe kwa nthawi yaitali. Koma wokongola ndi wokongoza si anthu ofanana. Banja lija limene lataya 10,000 yake yonse limasiya kugula galimoto, limasiya kukonza denga, limachepetsa chilichonse chimene lingachepetse. Wolemera amene ndalama zake zili kubanki sawonjezera zogula kuti atseke mpata umenewo. Atif Mian ndi Amir Sufi anafufuza zimenezi dera ndi dera ku America, kumene ngongole za mabanja zinachulukana kawiri pakati pa 2000 ndi 2007. Anapeza kuti madera amene mabanja anali ndi ngongole zambiri, ndipo mitengo ya nyumba inagwa kwambiri, ndi amene anthu anadula kwambiri zogula, ndipo ntchito za m'masitolo ndi m'malesitilanti zinatha kwambiri komweko. Ntchito za m'mafakitale zinatha ponseponse, ngakhale kumadera amene anthu sanakongole, popeza ogula katundu wawo anali atasowa. Onjezeraninso apo kuti kugwa kwa kampani kumawononga zinthu zenizeni. Fakitale imakhala yotseka milandu ili m'khoti, makina amachita dzimbiri, amisiri amabalalika, nyumba yolandidwa imakhala yopanda munthu n'kutsitsa mtengo wa nyumba zonse za mumsewuwo. Zimenezi sizipita m'thumba la wina aliyense. Zimangotayika.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi kuyerekeza zochitika ziwiri za m'dziko limodzi. Pakati pa March 2000 ndi October 2002, msika wa Nasdaq, umene unadzaza ndi masheya a makampani a intaneti, unagwa ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo chuma cha madola pafupifupi 5 thiriliyoni chinasungunuka. Chuma cha America chinabwerera m'mbuyo kwa miyezi 8 yokha mu 2001, ndipo ulova sunapitirire 6.3 peresenti. Patatha zaka zochepa mitengo ya nyumba inagwa ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo ndalama zimene zinasungunuka sizinasiyane kwambiri ndi zoyambazo. Koma ulendo uno ntchito zoposa 8 miliyoni zinatha, ulova unafika 10 peresenti mu October 2009, ndipo mavutowo anawoloka nyanja. Masheya aja ambiri anali a anthu opeza bwino amene anagula ndi ndalama zawo, ndipo ataluza analira n'kupitiriza moyo. Nyumba zinagulidwa ndi ngongole. Ngongole ikanakhala paipi chabe, zochitika ziwirizi zikanafanana.

Mpaka pano takamba za okongola. Okongozawo ali ndi matenda awo. Banki nayo imayendera ndalama za eni, ndipo mpamba wake weniweni ndi kachigawo kochepa. Banki ya ku America ya Lehman Brothers isanagwe pa 15 September 2008 inali ndi katundu woposa mpamba wake pafupifupi ka 30, kutanthauza kuti katunduyo akangotsika mtengo ndi 3 kapena 4 peresenti, mpamba wonse watha. Chinanso n'chakuti banki imakongoza kwa zaka 20 kapena 30 pogwiritsa ntchito ndalama zimene eni ake akhoza kuzifuna mawa m'mawa. Douglas Diamond ndi Philip Dybvig anasonyeza mu 1983 kuti kakonzedwe kameneka n'kothandiza kwambiri, komanso kuti ngakhale banki yabwinobwino ikhoza kugwa ngati osunga onse akhulupirira kuti anzawo akukatenga ndalama. Mu September 2007 anthu a ku Britain anaona pa wailesi yakanema mizere italiitali kunja kwa nthambi za banki ya Northern Rock, zinthu zimene zinali zisanaonekenso m'dzikolo kwa zaka zoposa 100. Bankiyo inkakongoza ogula nyumba mpaka 125 peresenti ya mtengo wa nyumbayo. Koma chimene chinayamba kuigwetsa si mizere ija ayi. Mbali yaikulu ya ndalama zake inkazibwereka kwa nthawi yochepa pamisika ya ndalama, ndipo misikayo itatseka zitseko mu August chaka chomwecho, inali itatha kale. Masiku ano mzere sufunikanso n'komwe: mu March 2023 osunga ndalama ku Silicon Valley Bank anayesa kutulutsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi.

Banki ikavulala siisankha woti imukanize. Imakaniza onse, kuphatikizapo mwini fakitale amene sanaphonyepo tsiku lobweza ndipo akungofuna ndalama zogulira zipangizo za miyezi itatu. Ben Bernanke analemba mu 1983 kuti kugwa kwa mabanki pafupifupi 9,000 ku America pakati pa 1930 ndi 1933 kunawononga chinthu chimene sichioneka m'mabuku a ndalama: kudziwana. Mkulu wa banki yaing'ono ankadziwa mlimi amene amabweza ndi wamalonda amene ndi wokhulupirika. Banki itatsekedwa, nzeru imeneyo inapita nayo, ndipo anthu abwinowo anasanduka alendo kulikonse kumene anapita kukapempha ngongole. Bernanke, Diamond ndi Dybvig analandira mphoto ya Nobel mu 2022 chifukwa cha ntchito zimenezi.

Ngongole ikakhala ya ndalama zakunja, pamawonjezereka mpeni wina. Makampani ndi mabanki a ku Thailand anakongola madola ambiri kwa nthawi yochepa, podalira kuti boma lisungabe mtengo wa baht, ndalama ya dzikolo, pa 25 pa dola imodzi. Pa 2 July 1997 boma linalephera n'kuisiya, ndipo pofika January 1998 dola imodzi inkagula ma baht oposa 50. Kampani imene inkagulitsa katundu wake ndi baht inadzuka ngongole yake itachulukana kawiri isanakongole kanthu kena. Moto unafalikira ku Indonesia, South Korea ndi Malaysia, ndipo chuma cha Indonesia chinatsika ndi pafupifupi 13 peresenti mu 1998.

Mwina mukuti ndangosankha zitsanzo zondikomera. Moritz Schularick ndi Alan Taylor anasonkhanitsa ziwerengero za mayiko olemera 14 kuyambira 1870 mpaka 2008, ndipo mu 2012 anafalitsa zimene anapeza: kukula msanga kwa ngongole za mabanki m'zaka zisanu zapitazo ndi chizindikiro champhamvu chakuti vuto la mabanki likubwera. Pambuyo pake, pamodzi ndi Òscar Jordà, anapezanso kuti chuma chikabwerera m'mbuyo pambuyo pa nyengo ya ngongole zambiri, chimagwa mozama ndipo chimachedwa kudzuka. Ngongole imabwera patsogolo, vuto pambuyo. Komabe musachoke pano n'kumati kugwa kulikonse kwa chuma n'kwa ngongole. Mu 1973 chinayambitsa ndi mtengo wa mafuta, mu 2020 unali mliri wa Covid-19. Ndiponso si nyengo iliyonse ya ngongole zambiri imene imathera m'misozi. Kafukufuku wa akatswiri a IMF wa mu 2012 anapeza kuti ndi pafupifupi imodzi mwa zitatu imene imatsatidwa ndi vuto la mabanki. Dziko limene anthu ambiri analibe mwayi wa banki likhoza kukuza ngongole msanga n'kupindula. Zimene ine ndimayang'ana ndi liwiro limene ngongole ikukulira poyerekeza ndi chuma chonse, chimene ikugula, ndi kumene okongozawo akutenga ndalama. Ikamathamanga kuposa malipiro a anthu kwa zaka zingapo, ikulowera ku malo ndi nyumba, ndipo mabanki akuipeza pobwereka kwa miyezi yochepa kapena kunja, ndimayamba kusowa tulo.

Pali chinthu chimene anthu ambiri amachiphonya, ndipo chimandipweteka chifukwa chimasokoneza mkangano wonse. Akamva za vuto la ngongole amathamangira kuloza boma. Zilipodi nthawi zimene boma ndilo lakongola mopitirira muyezo, monga Mexico imene inalengeza mu August 1982 kuti siingathe kubweza, chiwongoladzanja cha ku America chitakwera kufika pafupifupi 20 peresenti. Koma mu 2007 maboma a Ireland ndi Spain ankatolera ndalama zoposa zimene ankagwiritsa ntchito. Ngongole ya boma la Ireland inali pafupifupi 25 peresenti ya chuma cha dzikolo, ndipo ya Spain inali yosafika 40. Amene anakongola anali mabanja, omanga nyumba ndi mabanki. Zitaphulika, boma la Ireland linalonjeza mu September 2008 kuti liimira ngongole za mabanki ake, ndipo patangotha zaka zisanu ngongole ya boma inali pafupifupi 120 peresenti. Ku Spain ulova unapitirira 26 peresenti mu 2013. Phindu la zaka zabwino linapita kwa ochepa, koma mtolo unasenzedwa ndi okhoma msonkho onse, ngakhale amene sanalowepo m'banki kukapempha kanthu.

Mankhwala ena ndi akale. Walter Bagehot analangiza mu 1873 kuti pa nthawi ya mantha banki yaikulu izikongoza mabanki mosaumira, pa chiwongoladzanja chokwera, ikalandira chikole chabwino. Inshulansi ya ndalama za osunga, imene America inakhazikitsa mu 1933, inachotsa chifukwa chothamangira kubanki kwa munthu wamba. Pambuyo pa 2008 malamulo a Basel III anakakamiza mabanki kukhala ndi mpamba wochulukirapo, n'kupatsanso oyang'anira mphamvu yowonjezera mpaka 2.5 peresenti pamene ngongole ikukula mothamanga. Mayiko ena amaika malire a ngongole imene munthu angatenge poyerekeza ndi mtengo wa nyumba kapena malipiro ake. Zida zilipo. Chovuta n'chakuti zimayenera kugwiritsidwa ntchito pamene aliyense akusangalala, ndipo woyang'anira amene waletsa banja lachinyamata kugula nyumba adzatukwanidwa lero chifukwa cha vuto limene, akachita bwino ntchito yake, palibe adzalione. Komanso ukakhwimitsa malamulo a mabanki, ngongole imazembera kumakampani ena okongoza amene malamulowo sawakhudza, monga zinalili ndi ngongole zambiri zoipa za nyumba za ku America.

Vuto likachitika, kutalika kwa masautso kumadalira kwambiri zimene dziko lachita ndi ngongole zakufazo, ndipo apa Japan ndi Sweden zimaphunzitsa zambiri chifukwa zinagwa nthawi imodzi. Ku Japan muyezo wa mitengo ya masheya wotchedwa Nikkei unafika pa 38,915 pa 29 December 1989, mitengo ya malo ili kumwamba, zonse zitaimikidwa pa ngongole za chikole cha malo. Bank of Japan itakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 2.5 kufika pa 6 peresenti, zonse zinagwa. Mabanki sanafune kuvomera kuti aluza. Ankakongozanso makampani akufa kuti azioneka ngati akulipira chiwongoladzanja, ndipo mpamba umene ukanapita kwa amalonda atsopano unamangika kumeneko. Katswiri wa zachuma Richard Koo anasonyeza kuti makampani amoyowo anatha zaka zambiri akungobweza ngongole, osafuna kukongola ngakhale chiwongoladzanja chitafika pafupi ndi ziro. Zoona zake zinaonekera mu November 1997, kampani yogulitsa masheya ya Yamaichi Securities ndi banki ya Hokkaido Takushoku zitagwa, zaka pafupifupi 8 chigwereni msika. Nikkei inadzapitirira nambala ya mu 1989 ija mu February 2024.

Sweden inamasula malamulo a ngongole mu 1985, mitengo ya nyumba inauluka, ndipo pofika 1992 mabanki anali pa mpanipani. Boma linalonjeza kuteteza osunga ndalama ndi onse amene mabankiwo anali nawo ngongole, koma eni masheya silinawateteze. Linakakamiza mabanki kulemba poyera zimene aluza, linatenga mabanki a Nordbanken ndi Gota Bank, ndipo ngongole zoipa za Nordbanken linazisamutsira ku kampani yapadera yotchedwa Securum kuti izigulitsa chikole pang'onopang'ono popanda kugwetsa mitengo. Zinali zowawa, ulova unakwera kwambiri, ndipo kutsika mphamvu kwa ndalama ya krona kunathandizanso malonda akunja. Koma mu 1994 chuma cha Sweden chinali chitayambanso kukula, ndipo Securum inamaliza ntchito yake n'kutsekedwa mu 1997, chaka chomwe Japan inali ikungoyamba kuvomera kuti mabanki ake ndi odwala.